Msana Wouma wa a Magadalena

"Iwe Ndaziona, muveke chipewa mwanayo! Mphepo ya kuphiriyi ikamulowa m'makutu udzandiuza."

"Chipewa wavala kale, mayi."

"Nanga masokosi? Usamukhazikenso pafupi ndi chitsime. Khasulo uliike uko, lingamugwere."

Ndaziona adangopitiriza kutola mbatatesi zimene mwamuna wake, a Zikhalo, ankafukula patsogolo. Udali mwezi wa Juni, kudimba, kumunsi kwa phiri la Mphunzi, ndipo chifunga chidali chisanachoke m'mizere. Mwini lole adali atatumiza uthenga kuti afika dzuwa likapendeka, ndiye matumba onse adayenera kukhala atasokedwa.

Mwana wawo Damiano, wa miyezi isanu ndi iwiri, adali tsiku lachitatu akulira. Dovu lidali chuchuchu mpaka pachifuwa. Ankaluma chilichonse chimene wachipeza, mbereko, chala cha mayi ake, ngakhale kolona ya agogo ake. Nkhama zam'munsi zidatupa. Kuwonjezera apo, m'mimba mudatseguka kuyambira Lolemba, moti chingwe cha matewera sichinkapuma.

Agogo akewo adali a Magadalena, mayi ake a Ndaziona. M'mudzi monse ankawatchula kuti a Musatero, ndipo eni ake ankadziwa. Ankaopa njinga zamoto, ankaopa foni ikakhala pamoto, ankaopa mphezi ngakhale mwezi wopanda mtambo. Koma chipatala ndiye ankachiopa koposa zonse.

Dzulo lake Ndaziona adayesa kuwanyengerera.

"Mayi, bwanji tingopita naye akamuone?"

"Kukatani? Mano sapita nawo kuchipatala. Mwana aliyense akamamera mano amatsegula m'mimba, thupi limatentha. Dzino likangotuluka zonsezi zitha zokha. Kumeneko ukangomutengera chifuwa cha ana a eni pamzere paja."

M'malo mwake adakakumba mizu yawo ya mankhwala kuseri kwa phiri, n'kuisinja, n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi. Phala lakudalo adamata pa liwombo la mwana, pakuti lidali litayamba kulowa. Amayi awo ankatero kale, ndipo azimayi a m'mudzimo ankabwera kwa iwo ndi timbale kudzapempha phala lomwelo.

Dzuwa litangotuluka pamwamba pa phiri, kudimba kudafika Sandra, mnzake wa Ndaziona wa kukwaya. Adabwera kudzathandiza kutola, mwana wake Thokozani ali kumsana, ali m'tulo.

"Odi kudimba kuno! Koma abwanawa sanasiyebe? Ife kwathu tikumvera ngati wailesi."

"Usaseke, mnzanga," adatero Ndaziona. "Masiku atatu osaona tulo. M'masomu ngati wina wathiramo mchenga."

Sandra adamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kabotolo. Kadalibe pepala, kadalibe dzina. M'katimo mudali madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

"Ndinagula tsiku la msika ku Mayani, kwa bambo uja wa chimkuzamawu. Akuti ndi a mano enieni. Kachivindikiro kamodzi basi. Tamuonani Thokozani wangayu, nayenso akumera, koma chim'mawire ali phee."

"Musatero!" adakuwa a Magadalena.

Sandra ndi Ndaziona adaphulika kuseka. A Zikhalo adatembenukira kumbali n'kumakhosomola, pakuti mkamwini saseka apongozi ake maso ndi maso.

"Sekani! Botolo lopanda dzina, mukudziwa chimene wathiramo? Mwina ndi kachasu. Mwina ndi mankhwala a mbozi za kabichi."

"Agogo, inu ngakhale buledi mumayamba mwamununkhiza," adatero Sandra.

Vuto lidali lakuti m'mawa umenewo a Magadalena adali atachenjeza kale za chipewa, za masokosi, za chitsime ndi za khasu. Chenjezo la botolo lidangodutsa limodzi ndi enawo. Ndaziona sadachite chifukwa chosakonda mwana, ayi. Adatopa, ndipo kulira kwa mwana wako kumapweteka kuposa khasu. Adadzaza kachivindikiro n'kumumwetsa. Mwana atalavula pang'ono, adawonjezera kena.

Sipadapite nthawi, kulira kudayamba kuchepa. Kenaka zii. Dimba lidakhala chete moti ankamva madzi akuyenda m'ngalande.

"Mwaona?" adatero Sandra. "Bambo uja ndi wodziwa."

"Bwera nawo kuno amuna angawo," adatero a Magadalena, poti mdzukulu wawoyo ankamutchula choncho. "Ngati mwawaledzeretsa, ndiwabereke ndekha."

Adamubereka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, kumene ankasankha mbatatesi, zazikulu uku, zazing'ono za mbewu uko, zotemedwa ndi khasu m'dengu. Ntchito idayenda. Ndaziona adayamba kuyimba nyimbo ya kukwaya, Sandra n'kumavomera. A Zikhalo adamaliza mizere isanu ndi umodzi osaima. Ngakhale m'mimba mwa mwana muja mudaoneka ngati mwaima, ndipo Sandra adati nazonso ndi ntchito za botolo.

Dzuwa lidafika paliwombo. A Magadalena adatambasula dzanja kuti atenge mpeni m'dengu lawo, ndipo dzanjalo lidagwa pa zitenje ziwiri zopinda bwinobwino. Adaima.

Damiano adali mwana wokodza. Agogo ake akamapita naye kudimba ankatenga zitenje zitatu, ndipo pofika masana ziwiri zinkakhala zitayanikidwa pamtengo wa mapichesi womwewo. Ankamudziwa bwino: kufunda kuja kunkayambira pakati pa msana n'kutsetserekera m'chiuno, iwo n'kumamulalatira mwachikondi. Lero mtengo udalibe nsalu. Adapisa dzanja kumbuyo, kunsi kwa mbereko. Gwa, kouma.

Mwana wodwala akangoti zii, munthu usafulumire kukondwa. Yamba wamutsitsa, umuone kumaso.

A Magadalena adamutsitsa. Mutu udangoti lende. Maso adali otsekeka theka, atalowa m'kati. Milomo idauma ngati makoko a chimanga. Adamupisa chala m'kamwa, ndipo chidatuluka chouma. Mwana wa mano wopanda dovu?

"Ndaziona! Tabwera umuyamwitse."

"Mayi, musiyeni agone. Mukamudzutsa ayambiranso."

"Ndati umuyamwitse!"

Mawu amenewo sadali aja a chipewa ndi masokosi. Ndaziona adataya dengu n'kuthamanga. Adamuika kubere, koma mwana sadagwire. Adamufinyira mkaka pamilomo, mkakawo udangoyenderera patsaya.

"Ndi tulo chabe," adatero Sandra, koma mawu ake adali atachepa.

A Zikhalo adabwera n'kunjuta pafupi ndi apongozi awo. Chikwatirireni pamudzipo adali asanawayandikirepo chotero.

"Amayi, mwaona chiyani?"

"Msana wanga ndi wouma, apongozi. Chimuberekereni m'mawa uja sanandinyowetse ngakhale kadontho."

A Zikhalo sadafunsenso. Adasiya khasu pomwepo n'kuyamba kuthamangira kumtunda, kumsewu.

"Nanga lole, alamu?" adakuwa Sandra.

"Mbatatesi sizikomoka!" adayankha ali kutali.

Adabwerera ali pa njinga yamoto ya a Gibson, bambo wa kabaza wa pamphambano. Ndaziona adakwera atafukata mwana m'bulangete. A Zikhalo adati akwere kumbuyo, koma adapeza a Magadalena atakweza kale mwendo.

"Agogo, mukwera?" adadabwa a Gibson. "Si inu mumati njinga zathuzi ndi mabokosi a maliro?"

"Ndimatero, ndipo sindinasinthe. Lizani tizipita."

Adachita chizindikiro cha mtanda, n'kutambasula manja kupyola mwana wawo mpaka kugwira jekete la a Gibson. Njira yonse adatsinzina, akukuwa kuti, "Thamangani, bambo! Koma pang'onopang'ono!" A Gibson tsiku limenelo adasankha kumvera mawu oyambawo. Ankazemba miyala ndi maenje ngati anyamula mazira, koma sadaime paliponse.

Pachipatala chaching'ono cha m'deralo padali mzere wautali pakhonde. Namwino wina wamfupi, mayi Dziwani, ankadutsa ndi mafayilo. Adangoona mutu wa mwana uli lende m'bulangete, adaika mafayilo pabenchi.

"Inu atatu, lowani. Enanu mundikhululukire."

Adamugoneka pabedi n'kuyamba kufunsa uku akumuvula. Watsegula m'mimba masiku angati? Kangati patsiku? Wasanza? Ndaziona ankayankha.

"Wakodza liti komaliza?"

Ndaziona adayang'ana pansi. Sadadziwe.

"M'bandakucha," adatero a Magadalena. "Pang'ono pokha, wachikasu kwambiri. Thewera lake ndinachapa ndine. Kuchokera apo, palibe. Ndamubereka chim'mawire, koma msana wanga ndi wouma."

Namwino adawayang'ana kamodzi n'kugwedeza mutu. Adatsina khungu la pamimba pa mwana n'kulisiya. Khungulo lidakhala chiimire, osabwerera. Kenaka adaviika thonje m'madzi ofunda n'kuyamba kutsuka phala lakuda la pamutu. Litachoka, liwombo lidaoneka litalowa ngati kambale. Phala lija lidadzaza dzenjelo, n'chifukwa chake palibe adaona kuti likunka likulowa.

"Madzi atha m'thupi mwa mwanayu," adatero.

Kupeza mtsempha kudavuta. Adayesa padzanja lamanja, kudakanika. Adayesa lamanzere. A Magadalena, amene ankaopa jekeseni chibadwire, ndi amene adagwira kadzanjako kuti kasagwedezeke. Diripi itayamba kudontha, namwino adapuma mpweya wautali.

"Mwamupatsa chiyani? Musandibisire. Sindine wapolisi."

Ndaziona adatulutsa kabotolo kaja. Mayi Dziwani adakatsekula, kununkhiza, n'kukwinya nkhope.

"Chimene chili umu sindingakuuzeni, ndipo mwina wogulitsayonso sadziwa. Koma chinthu chogoneka mwana chonchi sichichiza mano. Chimangomutseka pakamwa. Salira, sayamwa, inu n'kumati wachira."

"Ndinanena ine!" adatero a Magadalena. "Ndinanena, koma anandiseka."

"Munanena bwino, agogo. Nanga phala la pamutuli anamata ndani?"

A Magadalena adaweramitsa mutu.

"Ndine," adayankha motsitsa mawu.

"Liwombo likalowa sikuti likufuna kumatidwa. Ndi thupi likupempha madzi. Mukanamuyamwitsa pafupipafupi, kumumwetsa thanzi, madzi aja a mchere ndi shuga, n'kubwera naye tsiku loyamba lija."

"Koma pajatu ndi mano, anamwino. Taonani nkhamazi."

"Nkhamazo ndaziona, mano akubweradi. Mano amayabwitsa, mwana amachucha dovu, amavuta, thupi limatha kufunda pang'ono. Koma kutsegula m'mimba masiku atatu si mano. Nthawi ya mano ndi yomweyo imene mwana amatola chilichonse n'kuika m'kamwa, dothi, chisononkho, nsapato ya bambo ake. Matenda amalowera pamenepo, ife n'kumanamizira dzino."

A Magadalena adakhala pansi, pasimenti, ngakhale mpando udalipo. Adabereka ana asanu ndi awiri, ndipo amoyo adali asanu. Dennis ndi Pilira adamwalira onse asanayambe kuyenda, zaka zambiri zapitazo, ndipo pamaliro onse awiri anthu adati ndi mano. Iwonso adakhulupirira choncho moyo wawo wonse.

"Ndiye kuti ana anga awiri aja sanapite ndi mano?"

Namwino adasiya kulemba n'kuwayang'ana.

"Sindinawaone, mayi, ndiye sindinganene. Chimene ndaona ndi maso anga ndi ichi: uyu mukanadikira naye mpaka mawa, bwenzi tikunena zina. Wamubweretsa kuno ndi msana wanuwo."

Ndaziona adatsika pampando n'kukhala pambali pa mayi ake. Adawagwira dzanja, onse awiri n'kumayang'ana madontho akugwa m'kachubu.

Adagona komweko. A Zikhalo adafika madzulo pa njinga yakapalasa ndi mabulangete, n'kukhala pakhonde ndi abambo ena.

Kutacha, odwala onse a m'chipindamo adadzutsidwa ndi kulira. Damiano ankalira mokalipa, miyendo ikupalasa, ndipo m'maso munkatuluka misozi yeniyeni. Ndaziona adamuika kubere, iye n'kugwira ngati wobwezera.

"Lirani, amuna anga, lirani!" adatero a Magadalena. "Mudzutse chipatala chonse. Amene akufuna tulo apite kwawo."

Mayi wina wa bedi lapafupi adaseka. "Agogo, ena tabwera kudzapuma kuno."

"Mundikhululukire, mwana wanga. Dzulo ndamva mmene kumakhalira akakhala chete. Sindikufunanso."

Mayi Dziwani adabwera kudzachotsa diripi. Adabweretsa kapu ya thanzi ndi supuni, ndiponso timapiritsi tosungunula, toti amwe masiku khumi ngakhale m'mimba mutaima.

"Nanga manowo tizitani nawo?" adafunsa Ndaziona. "Akayambanso kulira ndipenga."

"Alira ndithu, mpaka atuluke. Sambani m'manja ndi sopo, muzimusisita nkhama ndi chala. Kapena tengani kansalu koyera, mukaviike m'madzi owiritsa atazizira, aziluma. Kuno kwathu ku Dedza madzi ozizira tingawasowe? Akavutika kwambiri bwerani, timupatse mankhwala a ana oyeza ndi sikelo yake. Koma zomangirira m'khosi, zopaka m'kamwa, mabotolo opanda dzina, ayi. Ndipo inu mukatopa, apatseni agogowa, mukagone. Kutopa si tchimo."

"Kansaluko kakhale kakakulu," adaonjeza a Magadalena. "Kakang'ono angameze."

"Mwamva? Pamenepa amvereni," adatero namwino.

A Magadalena adatenga mdzukulu wawo n'kumukhazika pamiyendo. Ankamumwetsa thanzi supuni imodzi imodzi, akuwerenga ndi milomo. Adali pa supuni yakhumi ndi chiwiri pamene adamva kufunda pantchafu. Kudayamba pang'ono, kenaka kudafalikira mpaka m'mawondo, madzi n'kuyamba kudontha pasimenti.

Adaimba nthungululu m'chipatala.

"Mayi, anthu akudwala muno!" adatero Ndaziona, akuseka uku akupukuta misozi. "Bweretsani ndimusinthe. Nanunso musinthe chitenjecho."

"Chisiye. Ndachidikira tsiku lathunthu chimenechi."

Adapereka mwana, n'kugwada pamaso pa namwino, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga amachitira kwa akuluakulu.

"Anamwino, ine sukulu sindinapiteko, mawu ambiri ndilibe. Zikomo. Mulungu akusungireni ana anu. A Gibson aja nawonso ndikawathokoza, ngakhale anatsala pang'ono kundipha."

"Dzukani, agogo, mungaterereke pa ntchito ya amuna anuwa."

Pamenepo ndi pamene adaona munthu ataima pakhomo, osalowa, osabwerera. Adali Sandra. M'dzanja limodzi adanyamula fulasiki ya tiyi, m'dzanja lina kontena ya mbatatesi zowiritsa. Maso adali otupa.

"Lole inabwera," adatero ali pomwepo, akuyang'ana pansi. "Ndinaitana anzathu a kukwaya, tinasoka matumba onse n'kupakira. Palibe yatsala m'munda. Ine ndangobweretsa izi, ndizibwerera."

"Ubwerera kuti?" adatero a Magadalena. "Lowa."

"Agogo, botolo lija ndinabweretsa ndine. Mwanayu akanati..."

"Iwe unabweretsa botolo, ine ndinamata phala. Ukaima pakhomo, nanenso ndiyenera kukaima pomwepo, ndiye tiyiyo amwa ndani? Lowa, mwana wanga. Zikomo chifukwa cha mbatatesi. Apongozi anga akamva agona tulo."

Sandra adalowa pang'onopang'ono n'kuika katundu pakabati. Atawerama, a Magadalena adaona kamutu ka Thokozani kali lende m'mbereko. Damiano ankakuwa pafupi pomwepo, koma mnzakeyo sadatekeseke.

"Wamupatsa liti komaliza?"

"Dzulo m'mawa. Kenaka... kenaka lero, pang'ono pokha, kuti asavute panjira. Kabotolo kena katsala kunyumba. Iyeyu satsegula m'mimba, agogo. Ndimati kwa iye n'kosaopsa."

A Magadalena sadakalipe. Adapisa dzanja kunsi kwa mbereko ya Sandra. Kudali konyowa, ndipo adathokoza Mulungu chamumtima. Komabe adamusuzumira mwanayo kumaso, n'kumugwedeza tsaya ndi chala. Adatsekula maso mwaulesi n'kutsinzinanso.

"Mutsitse," adatero. "Bwera naye."

"Agogo, akandikalipira."

"Ine andikalipira dzulo, ndipo taona, ndili moyo."

Mayi Dziwani adali atalowa m'chipinda china kumapeto kwa khonde. A Magadalena adatsogola, chitenje chonyowa chikumata m'miyendo, anthu a pamzere akuwayang'ana. Sandra adatsatira atafukata mwana wake. Atafika pachitseko, agogo adagogoda.